Majini a kwathu ku Chiuta

Amalume anga aakulu, omwe kwathu ku Chiuta tinkawaitana kuti amjomba, adamwalira m'mawa wina m'chaka cha 1993 akukokera bwato kumtunda. Adali ndi zaka 43. Sadadwalepo, sadagonepo pamphasa ngakhale tsiku limodzi. Anzawo omwe adali nawo padoko adati munthuyo adangogwira pachifuwa, n'kukhala pansi ngati wofuna kupuma pang'ono, kenaka n'kupendekera cham'mbali, makumba ali m'bwato akadaphiriphitha. Patapita zaka zisanu mng'ono wawo adatsata njira yomweyo ali pantchito ku Johannesburg, ndipo chitanda chidabwera pakangolo kokokedwa ndi minibasi. Pa imfa yoyamba anthu adangong'ung'udza. Yachiwiriyi idafuna mwini wake.

Mwini sadachedwe kupezeka. Adali gogo wina wamkazi wa mbumba yoyandikana nafe, yemwe adakanganapo ndi amalume pa malire a dimba la mpunga. Umboni udali poyera: amalume onse awiri adali ndi timatotupa tolimba pamfundo za zala ndi pamtsempha wa kuchidendene, ndipo woombeza adati timeneto ndi zipolopolo za usiku. Gogoyo palibe adamumenya. Anthu adangoleka kukapala moto kwake, ana adaletsedwa kulandira ngakhale chinangwa chochokera m'manja mwake, ndipo akafika pachitsime macheza ankaduka. Patatha miyezi ingapo adamanga kamtolo kake n'kuwoloka malire kupita kwa abale ake ku Mecanhelas, m'dziko la Mozambique, komwe adakafera. Ine nthawiyo ndidali kale mphunzitsi, munthu woti m'mudzi ankamumvera akatsegula pakamwa. Sindidatsegule.

M'chaka cha 2019, ndikuphunzitsa ku Balaka, ndidayamba kumva kulemera pachifuwa ndikamapalasa njinga pachitunda. Dokotala yemwe ndidakaonana naye mumzinda adandiuza kuti ndivule nsapato, chinthu chomwe chidandidabwitsa popeza ndidabwerera chifuwa. Adasisita kuchidendene kwanga, napeza kachotupa komwe ndidakhala nako zaka zambiri osakalabadira, ndipo adafunsa: "Kodi kwanu alipo omwe adamwalira mwadzidzidzi asadakalambe?" Zotsatira za magazi zitatuluka adati, "Bambo, vuto lanu si chakudya chokha ayi. Lili m'majini."

Mawu amenewa ndidapita nawo kumudzi monga momwe adalili. Ndidakwera minibasi mpaka ku Liwonde, ina mpaka ku Nselema, kenaka njinga yamoto ya kabaza m'fumbi lopita kunyanja. Amayi ndidawapeza akupeta mpunga.

"Amayi, adokotala akuti matenda angawa ndi a majini."

Lichero lidaima. "Si ndinkanena ine! Ngakhale achipatala aona? Ndiye kuti mayi uja sadalekebe ngakhale ali kumanda."

Kwathu, kumene Chiyao ndi Chichewa zimadyera mbale imodzi, majini ndi mizimu imene imagwira munthu n'kumugwetsa. Asayansi nawo, m'Chichewa cha masiku ano, akamati majini amatanthauza malangizo amene munthu amalandira kwa makolo ake pobadwa, olembedwa mu DNA. Liwu ndi limodzi, ndipo madzulo amenewo ndidazindikira kuti ntchito yakenso ndi imodzi: kufotokoza chinthu chosaoneka chimene chimakhala m'kati mwa munthu, chimayenda m'mtundu, ndipo chimapha popanda kugogoda.

Ndidawafotokozera amayi mwausodzi, ndipo awerengi mundilole nditero kwa inunso. M'magazi a munthu aliyense mumayenda mafuta otchedwa kolesitero, omwe thupi limawafuna pomanga maselo ake. Mtundu wina wa mafutawa, umene madokotala amautcha LDL, ukachuluka umamatirira m'kati mwa mitsempha monga momwe matope amatsekera ngalande ya m'dimba, mpaka tsiku lina magazi alephera kufika kumtima kapena kuubongo. Chiwindi ndiye msodzi. Chimatchera miono yake mumtsinje wa magazi n'kumakola mafutawo. Michael Brown ndi Joseph Goldstein a ku Dallas, ku America, ndiwo adatulukira miono imeneyi, ndipo adalandira nayo mphoto ya Nobel mu 1985. Anthu onga ine timabadwa theka la miono yathu ili yobooka. Padziko lonse munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 250 ali choncho, ndipo mwana aliyense wobadwa kwa kholo lotere akhoza kutengera kapena kupulumuka, mwayi wake n'ngofanana mbali zonse. Timatotupa ta kuchidendene tija ndi mafuta omwewo atasowa kolowera.

Amayi adakhala chete nthawi yaitali. Kenaka adakweza dzanja n'kugwira zikope zawo, pomwe pali timawanga tachikasu tomwe tonse tinkati ndi ukalamba chabe.

"Ndiye kuti mfiti ndine? Ndakupatsa ndine, mwanawe?"

Ndidawayankha kuti palibe mfiti, koma ndidaona kuti yankho langa silidawafike pamtima. Munthu wofedwa amapirira zambiri, koma kuuzidwa kuti palibe wolakwa kumamuvuta koposa. Ufiti uli ndi ubwino wake umodzi woipa: umapereka nkhope yoti uidane nayo. Sayansi idachotsa mlandu pa gogo uja, koma sidauike pa wina aliyense, idangousiya m'magazi mwathu. Ndi pamenepa pamene funso la nkhani ino lidabadwira. Ngati choipacho chili m'malemba amene ndidabadwa nawo, kodi n'koyenera kuti munthu afufute malembawo?

Zaka makumi awiri zapitazo funso limeneli likadakhala la m'nthano. Lero lili m'zipatala za kafukufuku.

Pakadali pano ndimamwa mbulu umodzi usiku uliwonse, wa gulu la mankhwala otchedwa masitatini, omwe chiyambi chake ndi nkhungu imene Akira Endo wa ku Japan adaifufuza m'zaka za m'ma 1970. Ndi mankhwala abwino ndipo apulumutsa anthu ochuluka. Koma ndi a moyo wonse, ndipo moyo wonse ndi mtunda wautali. Pali miyezi imene malipiro amachedwa, pali miyezi imene mankhwalawo sapezeka pafupi, ndipo pali masiku amene ndimangoiwala, poti nthenda yosapweteka siikumbutsa mwini wake. Asayansi ena adaona kuti anthu ambiri, ngakhale m'mayiko olemera, amasiyira mankhwalawa panjira, ndiye adadzifunsa ngati sikungatheke kukonza chiwindi kamodzi kokha, basi.

Njira yake ili motere. M'thupi muli chinthu chotchedwa PCSK9, chimene ntchito yake ndi kuphwasula miono ya chiwindi ija, ngati katumbu wa m'bango. Katumbuyu akachepa, miono imakhalitsa ndipo mafuta amatsika. Kuyambira pomwe Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier adaonetsa mu 2012 kuti chida chotchedwa CRISPR chingathe kudula DNA pamalo amene munthu wasankha, ndipo David Liu mu 2016 adachinola kuti chizisintha chilembo chimodzi chokha, zidakhala zotheka kulowa m'maselo a chiwindi n'kuzimitsa jini yopanga katumbuyo. Mwa zilembo pafupifupi 3 biliyoni za DNA ya munthu, amasinthapo chimodzi. Wodwala amaikidwa diripi kwa maola ochepa n'kubwerera kwawo. Kampani ya Verve Therapeutics, yomwe mmodzi mwa oyambitsa ake, dokotala wa mtima Sekar Kathiresan, adatayanso mchimwene wake ndi nthenda ya mtima ali ndi zaka za m'ma 40, idayesa njirayi pa munthu woyamba ku New Zealand mu 2022. Mu April 2025 idalengeza kuti mwa omwe adalandira mlingo waukulu wa mankhwala ake achiwiri, mafuta oipa aja adatsika ndi 53 peresenti. Mu November chaka chomwecho kampani ina, CRISPR Therapeutics, idaulula zotsatira za anthu 15 omwe idawazimitsira jini ina yotchedwa ANGPTL3: pa mlingo waukulu, LDL pamodzi ndi mafuta a mtundu wina otchedwa triglycerides zidatsika pafupifupi ndi theka. Pofika kumapeto kwa 2025 zonsezi zidali zikadali pa mayeso, pa anthu owerengeka.

Nditawafotokozera zimenezi alamu anga, munthu wopemphera amene ndimamulemekeza kwambiri, adapukusa mutu. "Alamu, kalata adalemba Mwini wake, inu mukufuna kutenga labala n'kufufutamo chilembo? Munabadwira m'mbali mwa nyanja yotchedwa Chiuta, ndiye mukhale inu wokonza zolemba za Chiuta?"

Adandigwira pabwino. Dzina la nyanja yathu ndi lomwe anzathu a kumpoto amatchulira Mulungu, ife n'kumati Chauta, ndipo ndidakula ndi mantha ena ake pa zinthu zimene munthu sadapange. Mantha amenewo sindiwanyoza. Komabe ndikaliunika bwino ganizo la alamu, ndimapeza kuti likutsutsa zambiri kuposa zimene iwo akufuna kutsutsa. Iwo omwe adachotsedwa ng'ala m'diso n'kuikidwa kagalasi kopangidwa ku fakitale, ndipo adathokoza Mulungu atayambanso kuwerenga. Ana awo onse adabayitsa katemera, yemwe amaphunzitsa magazi zinthu zimene sadabadwe akudziwa. Makolo athu ankatema mphini, ankazula mano, ndipo kwathu kuno anyamata amapita ku jando n'kubwerako thupi litasintha kosabwereranso. Ngati chilichonse chimene munthu wabadwa nacho n'chosakhudzika, ndiye kuti mwana wobadwa ndi mapazi opindika tizimusiya azikwawa. Palibe mwa ife amakhulupirira zimenezo. Chimene chimatichititsa nthumanzi pa majini si kusintha thupi, koma kuti kusinthako kukuchitikira pamalo amene timaganiza kuti ndi pamene pali ifeyo enieni. Koma kodi ine ndine chilembo chimene chidapha amalume? Ndikachichotsa, ndani angatsale amene si ine?

Palinso china chimene ndidawauza alamu, chomwe chidandidabwitsa ine ndemwe nditachimva koyamba. Nzeru yozimitsa PCSK9 asayansi sadaipeke m'mutu mwawo. Adaiona mwa anthu, ndipo anthuwo adali akuda. Jini imeneyi idadziwika mu 2003 kudzera m'mabanja a ku France omwe katumbu wawo adali wolusa mopitirira. Patapita zaka ziwiri, Helen Hobbs ndi Jonathan Cohen a ku Dallas adafunsa funso lotembenuza: nanga alipo anthu omwe katumbu wawo ndi wofooka? Adawapeza pakati pa anthu akuda a ku America, zidzukulu za akapolo ochokera kuno: pafupifupi awiri mwa 100 alionse adabadwa mbali imodzi ya jiniyi ili yozima. Kafukufuku wa 2006 adaonetsa kuti anthu oterewa LDL yawo idali yotsika ndi 28 peresenti, koma chiopsezo chawo cha nthenda ya mitsempha ya mtima chidali chotsika ndi 88 peresenti. Kenaka mu 2007 kudatuluka zotsatira za magazi a amayi 653 omwe ankapita kusikelo ya amayi oyembekezera ku Zimbabwe. Pafupifupi anayi mwa 100 alionse adali ndi kusintha komweko, ndipo mayi mmodzi adali atalandira jini yozima kuchokera kwa bambo ndi mayi ake omwe. Katumbu adalibiretu. Mafuta oipa m'magazi mwake adali ochepa zedi, koma iye adali wamoyo ndi woyembekezera mwana. Mayi ameneyo, yemwe dzina lake silidalembedwe, ndi mmodzi mwa anthu ochepa kwambiri omwe adalimbitsa mtima asayansi kuti munthu angathe kukhala bwinobwino popanda PCSK9.

"Mukuona, alamu," ndidatero, "chilembo chimene akufuna kundilembacho chidalembedwa kale ndi Mwini wake mwa mayi wa ku Zimbabwe. Akungokopera."

Adaseka, koma sadagonje, ndipo zimene adanena pambuyo pake ndi zimene zandisowetsa tulo. "Mayiyo adabadwa nacho, thupi lake lidakula likudziwa. Inu mukufuna kuzula mzati nyumba itafoleredwa kale. Mbulu wanu uja ukakuwengani mumausiya. Ichi mukachisiya bwanji?"

Pamenepa ndiye pagona nkhani. Funso loti ndi zachilengedwe kapena ayi ndimalipeza lopepuka. Funso loti chinthu n'chobwezeka kapena ayi n'lolemera, ndipo mbiri ya chithandizo cha majini ili ndi manda ake. Mu September 1999, Jesse Gelsinger, mnyamata wa zaka 18, adamwalira patangotha masiku anayi atalandira mankhwala oyesera a majini a nthenda ya chiwindi ku University of Pennsylvania, ndipo ntchito yonseyi idabwerera m'mbuyo zaka zambiri. Verve nayo mu April 2024 idaimitsa mayeso a mankhwala ake oyamba munthu mmodzi ataonetsa zizindikiro zoti chiwindi chavutika. Chida chosintha chilembo chingathenso kuphonya n'kukhudza pena, ndipo zotsatira za kuphonyako zingadzaoneke patapita zaka. N'chifukwa chake bungwe loona za mankhwala ku America limafuna kuti olandira chithandizo chotere azitsatiridwa mpaka zaka 15. Woyamba kulandira sadakwanitse ngakhale theka la zaka zimenezo.

Ndikaganiza za kusabwezeka ndimakumbukira nkacha. Chiuta ndi nyanja yosaya, ya mabango ndi zomera zam'madzi, imene ikadzaza imatsanulira ku Amaramba ndi mumtsinje wa Lugenda. Makolo athu ankapha nsomba ndi miono, mbedza ndi maukonde otchera. Kenaka kudabwera asodzi ochokera kunyanja zina ndi makoka a nkacha, a maso ang'onoang'ono, okokolola chilichonse mpaka pansi. Nsomba zinkatuluka zambiri, ndalama zinkayenda, ndipo ena a m'mudzi mwathu adapeza maganyu. Koma madzi adayamba kuvunduka, miono inkaphwanyika, ndipo tiana ta nsomba tinkauma pathandala. Mu 1995 asodzi a ku Chiuta adagwirizana okha, napanga makomiti a m'madoko, n'kuthamangitsa nkacha. Ndikakumbukira misonkhano ya masiku amenewo, palibe adaimirira kunena kuti nkacha ndi woipa chifukwa sudalengedwe ndi Mulungu. Mono nawo sudagwe kumwamba, amaluka ndi munthu. Akuluakulu ankafunsa mafunso ena: chida ichi chikadutsa, m'nyanja mutsala chiyani? Apindula ndani, ndipo alira ndani? Tikalakwitsa, nyanja ingabwerere mwakale? Mafunso amenewo ndi omwe ndikufunsa za chiwindi changa, ndipo sindikuona kuti akusiyana ndi omwe amafunsidwa m'makomiti a akatswiri a ku London kapena ku Boston.

Mnzanga wina wa kuntchito ali ndi chitsutso china, chimene sindichedwapo. Iye amati diripi imodzi yotere idzapha kudziletsa, anthu azidzangodya kanyenya, mang'ina ndi tchipisi cha pachiwaya chokazingidwa m'mafuta a dzana, podziwa kuti chiwindi adakonza. Mwina ena adzatero, ndipo n'zoona kuti dziko limene limakonda kukonza ziwindi kuposa kukonza zakudya lasokonekera penapake. Koma amalume anga adali owonda ngati nsungwi, ankapalasa bwato tsiku lonse, ndiwo zawo zidali matemba ndi chisoso. Kudziletsa kudawathandiza chiyani? Kuuza wodwala kuti wadzipha yekha ndi pakamwa pake ndi kuombeza kwa anthu ophunzira. Nakonso kumafuna nkhope yoti kuiloze chala.

Funso la apindula ndani ndilo limandiwawa kwenikweni. Mankhwala obaya oletsa PCSK9, omwe adatsatira zimene zidapezeka m'magazi a anthu akuda aja, adavomerezedwa mu 2015 pa mtengo woposa madola 14,000 pachaka. Glybera, chithandizo choyamba cha majini kuvomerezedwa ku Ulaya mu 2012, chomwenso chidali cha nthenda ina ya mafuta a m'magazi, chinkagulitsidwa pafupifupi madola 1 miliyoni, ndipo chidachotsedwa pamsika mu 2017 ogula atasowa. Casgevy, chithandizo cha CRISPR cha nthenda ya siko selo chimene chidavomerezedwa kumapeto kwa 2023, mtengo wake ku America udaikidwa pa madola 2.2 miliyoni, chikhalirecho ana ambiri obadwa ndi nthendayi padziko amabadwira mu Africa muno. Mu June 2025 kampani ya Eli Lilly idagwirizana zogula Verve pa ndalama zofika madola 1.3 biliyoni. Wogula mbuzi pa mtengo wotero sagulira kuti azigawa mkaka waulere ku Ngokwe.

Taonani kupotoka kwake. Munthu wa ku Auckland ali ndi sitolo ya mankhwala pakona ndi dokotala womukumbutsa, choncho mbulu wa tsiku ndi tsiku ndi wokwanira kwa iye. Amene akufunikiradi chithandizo cha kamodzi n'kuiwala ndi msodzi wa ku Chiuta, amene chipatala chili kutali ndi njinga, ndipo nyengo ya mvula msewu umakana. Chida chimene chikanakomera wosauka ndi chimene chidzafike kwa iye pomalizira.

Kodi mayi wa ku Zimbabwe uja ali ndi ngongole imene dziko liyenera kumubwezera? Ndalimbana nalo funsoli. Sindinganene kuti jiniyo ndi katundu wake, poti sadaipange ndipo sadaisankhe, monga momwe ine sindidasankhire yanga yobooka. Koma ngati si yake chifukwa sadaipange, si ya kampaninso, poti nayo sidaipange. Kampani idapanga chida, ndipo wosula khasu ayenera kudya thukuta lake. Koma njira idalozedwa ndi magazi a anthu omwe adatambasula mkono kusikelo osayembekezera kanthu. Kwathu wokulozera pamene pali nsomba sumulipira, koma sudutsa pakhomo pake ndi dengu lodzaza osasiyapo ya ndiwo. Amene watero sitimutengera kwa mfumu, koma timamudziwa kuti ndi munthu wotani.

Wina anganene kuti ndikulota nditakhala. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa 2009 adapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno, mmodzi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe. Ndidaperekezapo amayi kuchipatala china chaching'ono komwe makina oyezera BP adali chigonere patebulo chifukwa chosowa mabatire. M'dziko lotere, kulemba za kusintha majini kuli ngati kukambirana za mtundu wa malata nyumba ilibe maziko. Chitsutso ichi ndimachivomera theka. Ndalama ya boma ikakhala imodzi, ipite ku mabatire ndi ku mibulu yotsika mtengo, ndipo ine ndidzakhala woyamba kuvomereza, ngakhale chiwindi chili pamzere ndi changa. Koma theka linalo ndimalikana, chifukwa mawu omwewa ndidawamvapo. Cha m'ma 2000, pamene tinkaika maliro Loweruka lililonse, ma ARV ankagula madola oposa 10,000 pachaka, ndipo anthu anzeru ankati Africa ayambe wapeza madzi abwino, mankhwala otere si a kuno. Mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India idati ingathe kuwapereka pa madola 350. Mu 2004 Malawi adayamba kugawa ma ARV aulere m'zipatala. Aphunzitsi anzanga omwe tinkawawerengera masiku lero ali ndi zidzukulu. Mtengo wa mankhwala si mvula yoti imangogwa yokha. Amauika ndi anthu atakhala patebulo, ndipo umatsika pamene ena akana kukhala chete.

Ndiyenera kudziulula pa chinthu chimodzi. Atati abwere lero n'kundifunsa, ndikhoza kuvomera diripiyo, koma osati ndikhale woyamba. Ndikufuna anthu a ku New Zealand ndi ku Australia ayambe ayenda nayo zaka khumi, ndione ngati ziwindi zawo zili bwino. Ndiye kuti ndikudandaula kuti atisiya m'mbuyo, uku ndikukondwa kuti ngozi akusenza ndi ena. Mlendo akabwera kudzatenga magazi timamukayikira, ndipo mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo. Kukayikako kuli ndi mizu yake, koma sitingafune zipatso za kafukufuku titabisa mkono kumbuyo. Amene amandichititsa manyazi ndi amayi a ku Machinga ndi ku Balaka omwe mu 2019 adabereka ana awo kumbuyo kupita nawo kukalandira katemera wa malungo, pamene Malawi adakhala dziko loyamba kuyamba kumupereka m'zipatala za ana. Zimene zidaphunziridwa pa ana awo ndi a ku Ghana ndi Kenya zidatsegulira njira mayiko ena. Iwo adasiya ndiwo pakhomo pa anzawo. Ine ndikudikira kuti ena alawe kaye.

Pali malire amodzi amene sindikayika. Diripi ija imasintha maselo a chiwindi okha, siikhudza mbewu ya munthu, choncho wolandira adzaberekabe ana otengera miono yobooka. Ena angati bwanji osangokonzeratu mwana asadaumbike, mtundu wonse upume? He Jiankui wa ku China adachita zotere mu 2018, pofuna kuti ana amapasa asadzatenge HIV, ndipo adakakhala kundende zaka zitatu. Ndikuganiza kuti adamulanga moyenera. Chiwindi changa ndingachiike pachiswe ndekha, poti ndine wamkulu, ndamva, ndipo ndikalakwitsa cholakwacho chidzalowa nane m'manda. Koma mwana wosabadwa sangafunsidwe, ndipo cholakwa cholembedwa mwa iye chidzayenda mwa ana ake ndi zidzukulu zake. Umenewo ndi nkacha wokokolola nsomba za chaka chamawa.

Ndimanena zimenezi molimba mtima mpaka nditayang'ana mwana wanga wamkazi woyamba. Tidamuyezetsa mu 2024, ali ndi zaka 16, ndipo adatengera. Tikutuluka m'chipatala ndidayamba kupepesa, mawu a amayi aja ali pakamwa panga, koma iye adandidula. "Ababa, mwandipatsanso mphuno yanuyi ndipo simunapepesepo. Bola ine ndadziwa msanga." Amamwa mbulu wake usiku, ndipo ndi iye amene amandikumbutsa wanga. Akuti akadzafika zaka zanga zino nkhaniyi idzakhala itapsa, ndipo adzasankha yekha.

Chilimwe chathachi ndidapitanso kumudzi. Madzi a Chiuta adali ataphwera kutali, ng'ombe zikudya pamene amalume adagwera. Usiku titadya, amayi adandifunsa ngati ndikudziwa kumene adzukulu a gogo uja ali. Ndidati ndidamva kuti ena akadali ku Mecanhelas, mmodzi amagulitsa nsomba zouma ku Nayuchi.

"Ndasunga nkhuku ziwiri ndi chitenje," adatero. "Mvula isanagwe undiperekeze. Koma ukalankhule ndiwe, iwe wasukulu. Ukawauze za mionoyo."

Ndidawafunsa ngati ndikanenenso za majini.

"Ayi," adatero amayi, akukankhira chikuni pamoto. "Liwu limenelo ulisiye kuno. Angamve ngati mmene ndidamvera ine."